Kafukufuku wa chaka chomaliza: mutu andibwezera kawiri, ndiyambire pati?

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, mwina alipo amene anadutsamo. Ndili chaka chachinayi, ndikuchita sayansi ya zachilengedwe, ndipo asupavaiza andibwezera mutu wa kafukufuku kachiwiri. Woyamba unali wa momwe kusintha kwa nyengo kwakhudzira madzi m'Malawi muno. Anangolembapo ndi bolopeni yofiira kuti wakula kwambiri. Wachiwiri ndinati ukhondo wa madzi akumwa m'chigawo cha kummwera, nawonso akuti sungatheke. Yatsala miyezi 6, ndipo ndalama imene ndingapeze siposa K150,000, imeneyonso ndiye kuti amayi agulitse mbuzi. Tulo sindikupeza. Anzanga amene munamaliza, munayambira pati?

Yamikani:
Achemwali, musataye mtima, asupavaiza anuwo akukufunirani zabwino. Mitu iwiri mwatchulayo ndi ya bungwe lokhala ndi magalimoto ndi antchito ambiri, osati munthu mmodzi wa miyezi 6. Ndikufunseni chinthu chimodzi. Kwanu mumamwa madzi a kuti, ndipo ndi chiyani chimene chimakupwetekani mtima pa madzi amenewo? Yankhani ngati mukucheza ndi mnzanu pakhonde, osati ngati muli m'mayeso.

Tadala:
Kwathu ndi ku Phalombe, kufupi ndi dambo. Mijigo ilipo iwiri, koma ambiri amatunga pa zitsime zokumba pamanja chifukwa pamjigo mzere umatalika. Chimene chimandivuta ndi ichi: nthawi ya kolera ija, mabanja ena otunga pamjigo anadwala, pamene ena a pachitsime sanadwale. Mpaka lero pali azimayi amene amati ndiye kuyendera mjigo n'kungotaya nthawi. Ine ndimasowa chowayankha.

Yamikani:
Eya, mutu wanu ndi umenewotu. Munali nawo kale m'thumba.

Mphunzitsi wopuma:
Tadala mwana wanga, ndinaphunzitsa ndi kuyang'anira ana ngati iwe zaka zambiri ndisanapume, ndiye undimvere pang'ono. Chimene wafotokozacho ndi funso lenileni la sayansi: kodi madzi amaipira pamene atungidwa, kapena amaipira panjira ndi m'ndowa ya kunyumba? Mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo unatenga miyoyo yoposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera umene dziko lino linauona. Palibe angakuuze kuti funso lakolo ndi lachibwana.

Kachitidwe kake n'kotere. Sankha mudzi umodzi kapena iwiri. Pa mjigo uliwonse ndi chitsime chilichonse tenga madzi m'botolo lophedwa tizilombo. Kenako tsatira madzi omwewo kunyumba za anthu amene atunga pamenepo, utengenso ena m'ndowa kapena mu mtsuko womwe amamwera. Kulabu udzasefa mamililita 100 pa kapepala kosefera, n'kuika m'kabati yotenthetsa pa madigiri 44 usiku wonse, m'mawa n'kuwerenga timadontho ta tizilombo tomwe tamera. Muyezo wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi, ngakhale mmodzi. Pamene ukutenga madziwo uzilembanso zimene maso akuona: ndowa ili ndi chivundikiro? Amatungira kapu yomweyo yomwera? Ana amapisamo manja? Amathira klorini? Chimbudzi chili mamita angati kuchokera pachitsime? Malangizo ambiri amati chisayandikire kuposa mamita 30, ndiye tenga tepi ukayeze, usangoyerekeza.

Chovuta chachikulu si sayansi ayi, ndi ulendo. Madzi oyeza tizilombo amafuna kukhala pa ayezi ndi kufika kulabu m'maola ochepa, makamaka asanakwane 6. Ukawagoneka pa kutentha, tizilombo tichulukana kapena kufa, ndipo chimene udzawerenge sichidzakhala cha m'mudzimo. Yamba wawerengera minibasi ndi kabaza usanalembe china chilichonse.

Kondwani:
Bambo, koma nanga sampulo, chiwerengero cha anthu kapena nyumba zofunika kufikira? Ife kudipatimenti kwathu aliyense akulemba 384. Tadala akayeza nyumba 384 ndi K150,000?

Limbani:
Aise Kondwani, 384 ija si lamulo, anthu amangoikopera osadziwa kumene yachokera. Imatuluka mu fomula ya Cochran. Umatenga 1.96 kuchulukitsa ndi 1.96, kuchulukitsanso ndi 0.5 kawiri, n'kugawa ndi 0.05 yochulukitsidwa yokha. Yankho ndi 384.16. Imeneyo ndi ya munthu amene akufuna kudziwa kuti mwa anthu ochuluka kwambiri ndi angati pa 100 alionse amene ali ndi chinthu chakuti, ndipo akufuna asaphonye ndi oposa 5 pa 100. Funso la Tadala ndi lina. Iye akufanizira madzi omwewo pa malo awiri, potunga ndi kunyumba. Zikatero nyumba iliyonse imadzifanizira yokha, ndipo nyumba 30 kapena 40 zikhoza kuonetsa kusiyana ngati kuli kwakukulu. Chofunika ndi kunena poyera kuti wayeza nyumba zingati, wazisankha bwanji, ndi kuti zotsatira zake n'za midzi imeneyo, osati za boma lonse la Phalombe.

Chinanso, manambala a tizilombo sakhala olongosoka bwino, nyumba imodzi upeza 0 ina upeza mazana. Pofanizira manambalawo usadzathamangire njira ya masamu yotchedwa t-test. Pali ina yotchedwa Wilcoxon signed-rank imene imayenera zoterezi. Nthawi ikafika undiuze, tidzapange limodzi pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa R, ndi yaulere, sufuna laisensi ngati SPSS.

Tadala:
Limbani wanditula katundu pamutu. Ine 384 ija ndi imene inkandilepheretsa kugona.

Kondwani:
Ndinene chilungamo changa, musandiweruze. Ine ndikuchita za maphunziro a zamalonda, mafomu anga ndi 384 ndipo ndafunsa anthu 61 okha. Ndalama ya thiransipoti yatha, ngongole ya boma inapita ku lendi ndi chakudya. Anzanga ena anandiuza kuti otsalawo ndingokhala pansi pa mtengo n'kudzaza ndekha, akuti aliyense amatero ndipo palibe amene amayang'ana. Wina akuti alipo munthu m'tauni amene amalemba pulojekiti yonse ukamulipira. Sindikufuna, koma digiri ndikuifuna. Kwathu akundidikira.

Mphunzitsi wopuma:
Kondwani, wachita bwino kunena. Sindikudzudzula, chifukwa njala ya mwana wasukulu ndimaidziwa. Koma usadzaze mafomu amenewo. Choyamba, zimaoneka. Munthu mmodzi akadzaza mafomu 300, mayankho amasalala kwambiri, zaka za anthu zimangothera pa 0 ndi 5, palibe amene wakana kuyankha funso lililonse, bolopeni ndi imodzi. Woyesa wodziwa ntchito akakufunsa kuti tandiuze za munthu mmodzi amene anakudabwitsa, udzangoti kakasi. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa, buku lako lidzakhala mulaibulale. Mwana wa chaka chamawa adzalitenga n'kulemba kuti kafukufuku anapeza zakuti. Bodza lako lidzabala ana.

Pita kwa asupavaiza mawa ndi mafomu 61 aja m'manja. Uwauze kuti awa ndi enieni, ndalama yatha. Upemphe kusintha gawo la njira ya kafukufuku kuti ligwirizane ndi zimene wachitadi. Anthu 61 ofunsidwa bwino, ukawonjezapo 8 kapena 10 ocheza nawo mozama, ndi pulojekiti yokwanira pa digiri yoyamba. Pa mlingo umenewu sitiyembekeza kuti usinthe dziko. Tikufuna tione kuti ukhoza kufunsa funso, kusonkhanitsa umboni moona mtima, ndi kunena zimene umboniwo ukulola, osapitirira.

Nankhoma:
Ine sukulu yanu yapamwambayo sindinafike, ndimagulitsa nyemba ndi mpunga pamsika, pagulu pano anandilowetsa ndi mwana wa achemwali anga. Koma nkhaniyi ndilankhulepo chifukwa ofunsidwawo ndife. Chaka chilichonse ana asukulu amabwera ndi mapepala. Mayi mumapeza zingati patsiku? Muli ndi ana angati? Munatengapo ngongole? Timasiya makasitomala n'kuwayankha. Akapita apita. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzatiuza kuti mayi, zimene tinapeza ndi izi. Masiku ano ena mwa ife timangotchula nambala iliyonse kuti achoke msanga. Ndipo wina akabwera atavala bwino n'kufunsa za phindu, timaganiza kuti ndi a msonkho, ndiye timachepetsa. Wina akaoneka ngati wa bungwe logawa thandizo, timalira umphawi. Ndiye Kondwani mwananga, ngakhale 61 akowo uwaonenso bwino momwe unawafunsira.

Chifundo:
Mayi Nankhoma, mawu anuwa andilasa, chifukwa inenso ndinali m'gulu la obwera ndi mapepalawo. Ndikuchita akawuntingi. Poyamba ndinkafuna kudziwa momwe kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, pamene anaitsitsa ndi 44 pa 100 alionse, kunakhudzira ochita geni zing'onozing'ono. Ndinafunsa anthu 20 kuti phindu lanu linali zingati kale ndipo pano ndi zingati. Mayankho sankagwirizana ngakhale pang'ono. Munthu akuti amagulitsa za K30,000 patsiku, pomwe katundu yense ali pabenchi sakukwana K15,000.

Ndinasiya. Ndinapita ku gulu la banki mkhonde la azakhali anga n'kupempha kuona kabuku kawo. Mmenemo muli zonse: tsiku, amene wasunga, amene wakongola, chiwongoladzanja, amene wachedwa kubweza, chindapusa. Palibe akudalira kukumbukira. Magulu anayi anandilola, ndinajambula masamba a zaka ziwiri, mayina ndinawabisa n'kuika manambala. Tsopano funso langa ndi loti kodi anthu anayamba kukongola zambiri ndi kuchedwa kubweza mitengo itakwera? Ndipo ndinawalonjeza kuti ndikamaliza ndidzawakonzera kabuku kosavuta kuwerengetsera pogawana.

Nankhoma:
Imeneyo ndiye nzeru. Ifenso gulu lathu timakongozana pa 20 kwacha pa 100 iliyonse pamwezi. Pogawana mu Disembala ndiye pamakhala phokoso, chifukwa masamu amativuta.

Limbani:
Mayi, 20 pa 100 pamwezi ndi yaikulu kwambiri. Munthu atakongola K10,000 n'kumangolipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, pachaka walipira K24,000 ngongole ikadalipo. Ngati salipira kalikonse ndipo chiwongoladzanja chikuberekerana, pakutha pa miyezi 12 ngongole ija yafika pafupifupi K89,000. Kusiyana kwake ndi katapila kuli pati?

Nankhoma:
Kusiyana kulipo mwananga. Wa katapila phindu amadya yekha. Ife chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa ife tomwe pogawana. Ndipo palibe amakongola chaka chonse, timabweza mwezi umodzi kapena iwiri.

Chifundo:
Nonse mukunena zoona, ndipo m'mabuku aja ndi zimene ndikuona. Chimabwereradi ku gulu, koma pogawana amatsata masheya. Amene wasunga zambiri osakongola ndi amene amatenga gawo lalikulu, pamene amene amakongola pafupipafupi chifukwa chosowa ndi amene walipira chiwongoladzanja chambiri. Ndiye ndikufuna kuwerengera munthu aliyense payekha, zimene analowetsa ndi zimene anatuluka nazo. Sindinamalize, ndiye sindinena kuti zatuluka bwanji.

Mphunzitsi wopuma:
Chifundo, mawu ako omalizawo ndi amene ndimafuna kumva kwa wofufuza. Pitiriza choncho.

Sisita wa ku ana:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ndili pa naiti. Ndikufuna ana inu mudziwe kuti pulojekiti ya mwana wasukulu ikhoza kufika patali. M'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane timagwiritsa ntchito makina otchedwa Pumani. Mwana wobadwa msanga mapapo ake amafota akamatulutsa mpweya, ndiye amavutika kuwatsegulanso. Makinawa amakankhira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'timapaipi ta m'mphuno kuti mapapo asatsekeke. Paipi ina imamira m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndi kumene kumaika mphamvu ya mpweya. Ukaona thovu likubwata m'botolomo umadziwa kuti zikuyenda.

Makina amenewa anayamba ngati pulojekiti ya ophunzira a digiri yoyamba pa Rice University ku Houston, ku America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Makina a mtundu umenewu a m'zipatala za kunja ankagulidwa madola pafupifupi 6,000. Ophunzirawo anagwiritsa ntchito timapampu tomwe amapopera mpweya m'mabokosi agalasi owetera nsomba. Atayesa ku Queens mu 2012, ana opulumuka anali 71 pa 100 alionse mwa oikidwa pa makinawa, pamene mwa olandira okosijeni wamba anali 44. Kenako anafalikira m'zipatala za boma m'dziko muno. Ine ndaonapo ndi maso anga kamwana kolemera kilo imodzi ndi theka, chifuwa chikulowa mkati popuma, n'kukhazikika patangopita nthawi pang'ono titakalumikiza.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: anawo sanakhale m'kalasi n'kuganizira okha vuto. Anamvera anthu a m'wodi, ndipo makinawo anasinthidwa kangapo chifukwa cha zimene anamwino ankanena.

Kondwani:
Koma Sisita, amenewo ndi a ku America, ali ndi ndalama ndi malabu. Ife kuno soldering iron imodzi timalimbirana anthu khumi.

Yamikani:
Zoona, kusiyana kulipo ndipo tisakubise. Komabe mgwirizano womwewo unabweretsa design studio, chipinda chopangiramo ndi kuyeseramo zipangizo, ku Polytechnic mu 2016, imene pano ndi MUBAS chigawikireni University of Malawi mu 2021. Ophunzira a kuno akhala akupangiramo ndi kukonzeramo zipangizo za kuchipatala. Ku MUST ku Thyolo nakonso kuli zoterezi, ndipo maphunziro a madroni amene anayamba mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF aphunzitsa achinyamata kujambula mapu a malo osefukira madzi. Makomo ena alipo, kungoti ambiri sitigogoda.

Limbani:
Nanga William Kamkwamba uja wa ku Wimbe ku Kasungu? Anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake ndi mabuku a mulaibulale yaing'ono.

Mphunzitsi wopuma:
Kamkwamba ndimamulemekeza kwambiri. Chimene ana angaphunzire kwa iye ndi kuyesa, kulephera, n'kuyesanso. Koma sindifuna dzina lake lizigwiritsidwa ntchito potseka pakamwa ana amene akudandaula kuti labu ilibe mankhwala. Dandaulo la Kondwani ndi loona. Mwana wa kemisitile sangayeze chuku mu mtedza ndi zitsulo za kudzala. Dziko limene linalemba m'masomphenya a Malawi 2063 kuti likufuna mafakitale liyenera kuika ndalama mu kafukufuku wa ana ake, ngakhale kangachepe, koperekedwa nthawi yake. Zonse ziwiri n'zoona: mwana achite zimene angathe ndi zomwe ali nazo, akuluakulu nawo achite mbali yawo.

Yamikani:
Ndikufotokozereni yanga, mwina Tadala ndi Kondwani ingawalimbitse. Ine ndinachita uinjiniya wa zomangamanga. Pulojekiti yanga inali yoona ngati phulusa la mankhusu a mpunga lingalowe m'malo mwa gawo la simenti mu konkire. Mankhusu amangotayidwa milumilu pa zigayo za mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, pomwe simenti ikukwera mtengo tsiku ndi tsiku. M'mabuku ndinawerenga kuti phulusalo lili ndi silika wambiri, chinthu chothandiza kulimbitsa konkire, ndipo ukalowetsa pafupifupi 10 pa 100 konkire imalimba bwinobwino.

Ndinatenga matumba atatu a mankhusu, ndinawaotcha pamulu kuseri kwa hositelo. Phulusa linatuluka lakuda bii. Ndinaumba timabuloko ta mamilimita 150 mbali zonse, titatu pa msakanizo uliwonse, ndinatimiza m'madzi, ena kuwaphwanya pa makina atatha masiku 7, ena masiku 28. Onse okhala ndi phulusa anatuluka ofooka kuposa a simenti yokhayokha, ndipo phulusa likachuluka mphamvu inkatsikiratsikira. Ndinakhala pansi panja pa labu mutu uli m'manja. Masiku 28 sungawafulumizitse, ndipo nthawi yoyambiranso panalibe.

Teknishani wa mulabu, bambo wachikulire, anatenga phulusa lija n'kulifikisa pa zala. Anandionetsa kuti kuda kwakeko ndi makala osapsa. Phulusa labwino limafuna moto woyang'aniridwa, pafupifupi madigiri 600 mpaka 700, ndipo limatuluka lotuwa, kenako ulipere likhale losalala ngati ufa woyera. Makala aja ankamwa madzi a mu konkire. Ndinalemba zimenezo momwe zinalili: kuti phulusa la mankhusu ootchedwa pamulu, momwe munthu wamba angaotchere kumudzi, limafooketsa konkire, ndi chifukwa chake. Ndinakhoza bwino. Woyesa wina anati zimenezi n'zothandiza kwambiri kwa womanga wa kumudzi kuposa kubwereza zimene mabuku ananena kale.

Ndiye Tadala, ukadzapeza kuti madzi a m'ndowa ndi aukhondo ngati a pamjigo, usadzakhumudwe kapena kukonza manambala. Limenelonso ndi yankho. Ndipo mateknishani a mulabu uziwapatsa ulemu, amadziwa zinthu zimene sizili m'manotsi.

Tadala:
Achimwene Yamikani zikomo. Nanga magetsi akazima kabati ija ili mkati motenthetsa?

Yamikani:
Funsani kulabu ngati ili pa jenereta kapena pa sola. Ngati ayi, lembani nthawi imene azima ndi imene ayaka, ndipo gulu limenelo la masampulo mulisiyanitse polemba. Ndi chifukwa chake simuyenera kutenga masampulo onse tsiku limodzi. Gawani maulendo anayi kapena asanu, limodzi likaonongeka ena atsala.

Limbani:
Ndiikepo za ife a masamu, chifukwa anthu amaganiza kuti kafukufuku wathu ndi kungolemba zilembo pabolodi. Kwa amene alibiretu ndalama yoyendera, deta yaulere ilipo yambiri. A National Statistical Office ku Zomba amachita kafukufuku wa m'mabanja, wachisanu anachitika 2019 mpaka 2020, ndipo ukalembetsa pa intaneti ya World Bank umaitenga osalipira. Kalembera wa 2018 amene anapeza anthu 17.5 miliyoni nayenso malipoti ake alipo. Ya mvula kuli CHIRPS, yoyambira 1981, ya dera lililonse.

Ine ndikugwiritsa ntchito imeneyo. Agogo anga ku Ntcheu amati kale mvula yodzalira inkabwera msanga ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja sinkatalika chonchi. Ndikufuna ndione ngati manambala akuvomereza. Chovuta chinali kumasulira mawu oti mvula yayamba kuti kompyuta imve. Mvula ya chizimalupsa si yodzalira. Ndiye ndinaika kuti ndi tsiku loyamba pamene mamilimita okwanira agwa m'masiku atatu otsatizana, popanda masiku ambiri ouma pambuyo pake. Ukasintha manambala amenewo pang'ono, tsiku loyamba limasuntha, ndiye gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kuonetsa kuti yankho likudalira bwanji tanthauzo limene wasankha. Ndikamaliza ndikufuna kuyesa mwayi ku AIMS, sukulu ya masamu imene inayambira ku Cape Town mu 2003, amalipirira zonse pa masitazi.

Chifundo:
Chenjezo limodzi kwa nonse. Mnzanga anapempha ChatGPT kuti imupatse mabuku oti atchule, inamupatsa mayina ooneka bwino ndi zaka zake. Asupavaiza atafufuza, ena mwa mapepalawo kunalibe n'komwe. Chilichonse chimene mukutchula, chitsegule kaye pa Google Scholar n'kuchiwerenga wekha. Ndipo pitani kwa a laibulale, ali ndi njira zolowera m'majenolo olipira kudzera ku Research4Life, ambiri sitidziwa. Za umoyo, Malawi Medical Journal ndi yaulere pa intaneti.

Sisita wa ku ana:
Tadala mwana wanga, usaiwale chilolezo. Ukulowa m'nyumba za anthu ndi kuwafunsa za matenda, ndiye komiti ya kusukulu kwanu yoona za kafukufuku ivomereze kaye, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, yamba lero. Ukafika kumudzi yambira kwa amfumu, ndipo uyende ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ndi amene anthu amamudziwa. Uwafotokozere m'Chichewa chomveka kuti botololo likupita kuti, chifukwa munthu wotenga madzi a m'nyumba ya mwini osafotokoza bwino akhoza kuganiziridwa zina. Amene wakana, musiye mwaulemu. Ndipo ukapeza chitsime choipa kwambiri, usadikire tsiku la digiri. Uza mlangizi sabata yomweyo kuti athire klorini.

Kondwani:
Ndabwera kudzanena kuti ndinapita kwa asupavaiza ndi mafomu 61 aja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati bola wanena. Tasintha, ndingoyang'ana msika umodzi, ndipo ndichezenso mozama ndi anthu 10. Mayi Nankhoma, ngati mungalole ndiyambire kwa inu, koma ulendo uno ndibwera nthawi imene makasitomala achepa, ndipo za phindu sindifunsa mwachindunji.

Nankhoma:
Bwera Lachiwiri cha m'ma 2 koloko masana, msika umakhala utazizira. Koma ukamaliza udzabwerenso ndi pepala limodzi la Chichewa, utiwerengere ife amene unatifunsa. Buku lachingerezi lija likakhale kusukulu kwanuko.

Tadala:
Nanenso ndili ndi nkhani. Mutu wachitatu wadutsa! Ndalemba kuti ndifanizira kuchuluka kwa E. coli m'madzi a potunga ndi a m'nyumba m'midzi iwiri ya kwathu, mijigo iwiri, zitsime zinayi, nyumba 36. Asupavaiza angowonjezapo kuti nditenge theka mvula isanayambe, theka itayamba, ndione ngati zitsime zimasintha. Kulabu andiuza kuti mabotolo ndi mankhwala omeretsera tizilombo alipo, ine ndigule timapepala tosefera ndi ayezi. Ndawerengera, maulendo asanu akukwana mu ndalama ija ngati ndigona kwa amayi n'kunyamuka ndi minibasi yoyamba. Chimene ndikusowa ndi bokosi losungira zozizira, la m'sitolo ladula.

Sisita wa ku ana:
Ndili nalo langa la kunyumba, lolowa mabotolo 12 ndi ayezi wake. Undilembere kumbali tigwirizane politengera. Ulitsuke ndi klorini ulendo uliwonse, ndipo mabotolo uziwalemba nambala usanatunge, osati utatunga, chifukwa akanyowa inki ya cholembera sigwira.

Limbani:
Ndipo manambalawo uziwalowetsa mu Excel tsiku lomwelo, mzere umodzi nyumba imodzi, n'kudzitumizira pa imelo. Laputopu ikhoza kubedwa. Nditumizire mafunso ako usanapite kumudzi tione ngati adzawerengeke.

Tadala:
Ndikutumizira usiku uno. Kalata ya amfumu ndalemba kale, amayi akaipereka Loweruka.